Akazi pa nkhondo ndi pa mpando wa ufumu: anali owerengeka, kapena sitinauzidwe?

Chimwemwe: Akuluakulu, muli bwanji pagulu pano? Ndabwera ndi funso. Munthu wina walemba kwinakwake kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, ati kuyambira kale nkhondo ndi ufumu ndi za amuna, ndipo akazi omwe anayesako ungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Omuombera m'manja achuluka, ena mwa iwo amayi. Ine mtima ukukana koma ndikusowa poyambira. Inu odziwa mbiri, zoona zake n'ziti?

Jere: Achemwali, mwambiwo ndi wachipongwe, sindikuuikira kumbuyo. Koma tisathawe chilungamo. Tengani nkhondo iliyonse yomwe mukuidziwa, muwerenge omwe anagwira nthungo kapena mfuti, mupeza kuti pafupifupi onse ndi amuna. Mayina a akazi amene amatchulidwa ndi omwewomwewo chaka ndi chaka. Ngakhale Joan of Arc wotchuka wa ku France uja, pa mlandu wake ku Rouen mu 1431 ananena yekha kuti ankanyamula mbendera ndipo sanaphepo munthu. Ndiye usilikali wake ndi uti pamenepa?

Nambewe: A Jere, mtsikana wa zaka 17 kudzutsa gulu lankhondo lomwe linali litafooka kale, kulasidwa muvi paphewa n'kubwereranso kutsogolo, adani n'kuchoka pa Orléans mu Meyi 1429 pasanathe masiku 10 iye atafika, inu mukuti si msilikali? Akuluakulu a nkhondo ambiri aamuna sanaphepo munthu ndi dzanja lawo. Koma timusiye, poti inu mukufuna ogwira mfuti.

Ku Dahomey, komwe lero ndi dziko la Benin, kunali gulu lankhondo la akazi okhaokha lotchedwa Agojie. Ankakhala kumpanda kwa mfumu ku Abomey, ankaphunzitsidwa mfuti ndi chikwanje, ndipo mbali ina ya maphunziro awo inali kukwera mipanda ya minga opanda nsapato. M'nthawi ya Mfumu Ghezo, yemwe analamulira kuyambira 1818 mpaka 1858, analipo masauzande angapo. Anali patsogolo pamene Dahomey inathira nkhondo mzinda wa Abeokuta mu 1851, ndipo ambiri anafera pa linga la mzindawo. Anamenyana ndi Afalansa mu 1890 ndi mu 1892, ndipo asilikali a France omwe anakumana nawo analemba okha za kulimba mtima kwawo. Chinawagonjetsa ndi zida: mfuti za Afalansa zinkafika patali, ndipo pomenyana pafupi mpeni wa kunsonga kwa mfuti unali wautali kuposa chikwanje. Abomey inagwa mu Novembala 1892. Gululi linakhalapo kwa mibadwo ingapo, bambo. Zala zanu zikwana?

Jere: Dahomey yomweyo yogulitsa anthu pa doko la Ouidah? Akaziwo ankakagwira ndani kumidzi yoyandikana nawo?

Nambewe: Yomweyo. Ankagwira anthu, ena n'kugulitsidwa kwa azungu a zombo, ena n'kuphedwa pa mwambo wa mfumu wa chaka ndi chaka. Sindikuwayeretsa. Chimwemwe wafunsa ngati analipo, sanafunse ngati anali oyera mtima. Ndipo pali china chomwe owatamanda amachilumpha dala: mwalamulo onsewo ankatengedwa ngati akazi a mfumu. Sankaloledwa kukwatiwa kapena kubereka. Ena analowa mwa kufuna kwawo, ena anachita kuperekedwa ndi abambo awo kapena amuna awo, ena anali ogwidwa kunkhondo. Mfuti anali nayo m'manja, koma moyo wawo unali m'manja mwa mwamuna mmodzi.

Mphatso: Ine wanga ndi Njinga wa ku Ndongo ndi Matamba, ku Angola. Mu 1622 mchimwene wake, Ngola Mbande, anamutuma ku Luanda kukakambirana ndi bwanamkubwa wa Apwitikizi, João Correia de Sousa. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yakuti atalowa anapeza mpando umodzi wokha, wa bwanamkubwayo, iye atamuyalira pansi kuti akhale ngati wodzapempha. Anangokodola mdzakazi wake mmodzi, uja n'kugwada manja ndi maondo pansi, Njinga n'kukhala pamsana pake, zokambirana n'kuyambika maso ndi maso. Pa ulendo womwewo anabatizidwa n'kutenga dzina la Ana de Sousa. Ndale zokhazokha.

Mchimwene wakeyo atamwalira mu 1624 ufumu unagwa m'manja mwake, Apwitikizi n'kuika munthu wawo kuti alimbane naye. Atapirikitsidwa anagwirizana ndi magulu oopsa a Imbangala, n'kulanda Matamba m'zaka za m'ma 1630. Adatchi atalanda Luanda mu 1641 anapangana nawo, ndipo mu 1647 anakwapula Apwitikizi pa Kombi. Mng'ono wake Funji, yemwe anali m'manja mwa Apwitikizi, ankamutumizira makalata oulula zinsinsi zawo mpaka anamutulukira n'kumumiza mumtsinje wa Kwanza. Mtendere unabwera mu 1656, ndipo Njinga anamwalira mu 1663 ali ndi zaka pafupifupi 80, akadali pampando. A Jere musanafunse, eya, nayenso ankagulitsa akapolo.

Mayi Nachisale: Ana inu mukupita kutali. Tsegulani Oweruza mutu 4. Debora ankaweruza Israeli, ndipo Baraki, mkulu wa asilikali, anakana kupita kukamenyana ndi Sisera pokhapokha mayiyo apite naye. Womaliza Sisera analinso mkazi, Yaeli, ndi chikhomo cha hema. Pa Machitidwe 8 paja mdindo amene Filipo anamubatiza anali msungichuma wa Kandake, mfumu yaikazi. Amene amanena kuti mkazi sanalamulirepo amawerenga Baibulo liti?

Aphunzitsi Mwale: Mayi, mwachita bwino kutchula Kandake. Awa anali mafumukazi a ku Kush, likulu lawo ku Meroë, m'dziko la Sudan la lero, ndipo analipo angapo. Mmodzi wa iwo, amene akatswiri ambiri amati ndi Amanirenas, analimbana ndi Aroma cha m'ma 25 BC. Ankhondo a Kush analowa kumwera kwa Egypt, n'kulanda Aswan ndi Philae, n'kugwetsa mafano a Augustus. Petronius, bwanamkubwa wachiroma, anabwezera mpaka kuwononga Napata. Strabo, wolemba mabuku wa nthawiyo yemwe anali mbali ya Aroma, analemba kuti mfumukaziyo inali ya diso limodzi komanso yonga mwamuna. Olemba akale akakumana ndi mkazi wolimba mtima ankatero ndithu, ngati kuti kulimba mtimako wabwereka. Koma Strabo yemweyo akuvomera kuti akazembe a Kush atakumana ndi Augustus pa chilumba cha Samos anapatsidwa zomwe anapempha, msonkho womwe anawaikira n'kuchotsedwa. Mutu wamkuwa wa fano la Augustus anaufukula ku Meroë mu 1910, utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi, pomwe olowa ankaponda. Lero uli ku British Museum.

Komabe tisamangounjika mayina. Chondisangalatsa ine ndi njira yomwe ankafikira pampando, chifukwa ndi pomwe pali nkhani. Ambiri anafika pamaliro. Mwamuna wamwalira, mwana ndi wamng'ono, akuluakulu akukangana, mayi n'kugwirizira. Hatshepsut wa ku Egypt anayamba chonchi, kugwirizira Thutmose III ali kamwana cha m'ma 1479 BC, kenaka n'kudzitcha farao, amisiri n'kumamusema ali ndi ndevu zachifumu. Boudica wa ku Britain anadzuka mwamuna wake Prasutagus atamwalira, Aroma atalanda dziko la mtundu wake wa Iceni, kumukwapula iye ndi kugwiririra ana ake aakazi. Anaotcha Colchester, London ndi St Albans m'chaka cha 60 kapena 61 AD. Lakshmibai wa ku Jhansi, ku India, anali mayi wamasiye amene Angerezi anakana mwana wake womulera kuti alowe ufumu, ndipo anafera pankhondo pafupi ndi Gwalior mu Juni 1858. Labotsibeni wa ku Eswatini anagwirizira mdzukulu wake Sobhuza II kuyambira 1899 mpaka 1921.

Zamakono sizinasinthe kwenikweni. Sirimavo Bandaranaike wa ku Sri Lanka, mkazi woyamba padziko lonse kukhala nduna yaikulu mu 1960, analowa mwamuna wake ataomberedwa mu 1959. Corazon Aquino ku Philippines mu 1986, mwamuna anaphedwa mu 1983. Indira Gandhi anali mwana wa Nehru, Benazir Bhutto mwana wa Zulfikar Bhutto.

Jere: Zikomo aphunzitsi, mwandiyankhulira. Ndiye kuti analowera pa mayina a amuna.

Nambewe: Nanga mafumu aamuna ankalowera pa mayeso? Mfumu iliyonse ya ku England kapena ku China yomwe inalowa ufumu wa bambo wake inalowera pa dzina la mwamuna. George W. Bush ndi mwana wa ndani? Uhuru Kenyatta? Mwana wamwamuna akalowa mumati ndi magazi achifumu, wamkazi akalowa mumati wakwera pamsana pa wina.

Ndikufunseninso. Ngati mkazi sangathe mwachibadwa, lamulo lomuletsa ndi lachiyani? Ku France, Louis X atamwalira mu 1316 anasiya mwana wamkazi, Jeanne. Bambo ake aang'ono, mng'ono wa Louis, anamudumpha n'kukhala mfumu Philip V, ndipo msonkhano wa akuluakulu unavomereza kuti mkazi salowa ufumu wa France. Patapita zaka akatswiri a malamulo anakafukula lamulo lakale la Salic, lomwe linkanena za kulowa munda, n'kulikoka kuti likwanire mpando wachifumu. Chonsecho dziko lomwelo linadzayendetsedwa ndi Catherine de' Medici komanso Anne wa ku Austria pogwirizira ana awo. Ntchito ankawalola kugwira, chisoti ayi.

Aphunzitsi Mwale: A Jere mwathamanga, sindinamalize. Pali njira ina, ndipo kwa ine ndi yofunika kuposa yoyambayo: maiko omwe anali ndi udindo wokhazikika wa mkazi, wosadikira ngozi. Ku Asante, ku Ghana, mfumu iliyonse inali ndi mayi wa ufumu wokhala ndi mpando wake ndi bwalo lake, ndipo ndi iye ankatchula dzina la woyenera kulowa ufumu. Kwa Amaravi, a Kalonga ankachokera ku bere la Nyangu. Kumeneko mkazi wamphamvu sanali chodabwitsa.

N'chifukwa chake nkhani ya Yaa Asantewaa anthu amaimva molakwika, ngati kuti gogo wina anangolusa tsiku lina. Anali mayi wa ufumu wa Ejisu. Angerezi anali atachotsa kale mfumu yaikulu Prempeh I mu 1896, pamodzi ndi mafumu ena kuphatikizapo mdzukulu wake wa iyeyo. Mu Malichi 1900 bwanamkubwa Frederick Hodgson anafika ku Kumasi n'kulamula kuti amubweretsere Mpando Wagolide akhalepo, mpando umene ngakhale mfumu ya Asante sikhalapo chifukwa amati muli mzimu wa mtundu wonse. Mafumu atayamba kuzengereza, zimanenedwa kuti mayiyu anawauza kuti ngati amuna akuopa, akazi apita okha. Anamumvera chifukwa anali ndi udindo woyankhula pabwalopo. Hodgson anatsekeredwa m'linga la Kumasi mpaka anachita kuthawa mu Juni. Asante inagonja, Yaa Asantewaa anagwidwa mu 1901 n'kutumizidwa ku Seychelles komwe anamwalira mu 1921, koma mpandowo Angerezi sanaugwire.

Ku Matamba nakonso, chomwe Njinga anasiya ndi chizolowezi. Atamwalira analowa mng'ono wake Barbara, ndipo Verónica Guterres analamulira kuyambira 1681 mpaka 1721, zaka 40, pambuyo pake n'kubweranso akazi ena. Ngwazi imodzi imafa n'kuiwalika. Udindo ukakhazikika, wotsatira safunikanso kukhala ngwazi.

Mphatso: Musaiwale Taytu Betul wa ku Ethiopia, mkazi wa Mfumu Menelik. Anali m'gulu la okana kwamtuwagalu pangano la Wuchale la 1889 pakati pa Ethiopia ndi Italy, lomwe m'Chitaliyana linkanena zina, m'Chiamhariki zina. Pa Mekelle mu Januwale 1896 anthu ake ndi omwe analanda kasupe yemwe Ataliyana a m'linga ankatungako madzi, ludzu n'kuwatulutsa. Pa Adwa, pomwe Ataliyana anagonja pa 1 Malichi 1896, anali pomwepo ndi asilikali ake. Koma kusukulu timangomva Menelik, Menelik.

Ganizani: Kkkk nonsenu mwangotchula ogonja. Boudica anagonja, wa Jhansi anagonja, Yaa anagonja. Ndiye phindu lake?

Mphatso: Mwawerenga zomwe ndalemba pamwamba pa zanuzo? Pa Adwa anagonja ndani?

Adimini: A Ganizani, uthenga wanu wachiwiri ndauchotsa. Tsutsani mfundo, osati kutukwana amayi pagulu pano.

Thoko: Ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Bwanji tikulimbikira kuonetsa kuti akazi nawonso amatha kupha? Ine ndimakhulupirira kuti dziko likanakhala m'manja mwa amayi nkhondo zikanachepa. Munthu amene wabereka sangatumize mwana wa mnzake kukafa mwachisawawa.

Nambewe: Achemwali, ndikanakonda zikanakhala choncho, koma mbiri sikuvomereza. Indira Gandhi anatsogolera India pa nkhondo ya 1971 yomwe inadula Pakistan pawiri, ndipo kuyambira 1975 mpaka 1977 anatsekera otsutsa boma m'ndende, amuna ambirimbiri osauka n'kutsekedwa kubereka mokakamizidwa. Margaret Thatcher anatumiza zombo ku Falklands mu 1982. Catherine wa ku Russia anagawana Poland ndi anzake. Ranavalona I wa ku Madagascar, 1828 mpaka 1861, anateteza chilumbacho kwa azungu, inde, koma anthu ake omwe anafa ndi ntchito yakalavulagaga komanso mwabvi wa tangena sanali ochepa. Onsewa anali anakubala.

Chondiwawa kwambiri ndi cha ku Rwanda. M'dziko limodzi, chaka chimodzi, munali Agathe Uwilingiyimana, nduna yaikulu, amene anaphedwa pa 7 Epulo 1994, komanso Pauline Nyiramasuhuko, nduna yoona za mabanja ndi amayi, amene khoti la ku Arusha linamupeza wolakwa mu 2011 pa mlandu wofuna kufafaniza mtundu, kuphatikizapo kulamula kuti amayi anzake agwiriridwe ku Butare.

Aphunzitsi Mwale: Pali akatswiri awiri, Oeindrila Dube ndi S. P. Harish, omwe anawerengetsa maufumu a ku Ulaya kuyambira 1480 mpaka 1913. Anapeza kuti maiko olamulidwa ndi mafumukazi ankalowa m'nkhondo kawirikawiri kuposa olamulidwa ndi mafumu aamuna. Chifukwa chomwe anapereka si nkhanza. Mfumukazi yosakwatiwa adani ankaiyesa yofooka n'kuiputa. Yokwatiwa inkayambitsa yokha, chifukwa inkapatsa mwamuna wake mbali ina ya ntchito za boma kapena za asilikali, pamene mafumu aamuna sankagawira akazi awo ntchito zotere. Za kuyesedwa wofooka, onani Maria Theresa: analowa ufumu wa Austria mu Okutobala 1740 ali ndi zaka 23, pofika Disembala Frederick wa ku Prussia anali atalowa kale m'Silesia. Analamulira zaka 40.

Thoko: Chabwino, amenewo ndi a pampando, ndipo mpando uli ndi khalidwe lake. Koma nanga a ku Liberia? Mu 2003 amayi wamba, Akhristu ndi Asilamu, atavala zoyera, motsogozedwa ndi Leymah Gbowee, anakhala padzuwa ku Monrovia pofuna kuti nkhondo ithe, mpaka pulezidenti Charles Taylor anavomera kukumana nawo. Zokambirana za ku Accra zitayamba kuzungulira, anakhala pakhomo pa holo atakolekerana mikono kuti asatuluke munthu mpaka agwirizane. Taylor anachoka pa 11 Ogasiti, pangano n'kusainidwa pa 18. Mu 2005 Ellen Johnson Sirleaf anapambana chisankho, osati pamaliro a mwamuna. Uwu si utsogoleri? Kapena kwa inu mtsogoleri ndi wokhawo amene wakhetsa magazi?

Nambewe: Ndi utsogoleri, ndipo pamenepo sitikutsutsana. Onjezanipo amayi 20,000 omwe anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 kukana ziphaso, patsogolo pali Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Onjezaninso amayi a kum'mawa kwa Nigeria mu 1929, omwe anazinga mafumu oikidwa ndi atsamunda atamva za msonkho, asilikali n'kuwaombera, oposa 50 n'kufa. Chomwe ndikukana ndi chakuti ubwino uli m'chiberekero. Mukanena kuti mkazi alamulire chifukwa ndi wofatsa, tsiku lomwe adzalakwe adzachotsedwa pamodzi ndi akazi onse. Mwamuna akaba amati wakuba ndi iyeyo. Mkazi akaba amati tinanena kale.

Chimwemwe: Ndiye n'chifukwa chiyani zambirizi sitinaziphunzire? Ndi dala kapena?

Aphunzitsi Mwale: Pena dala, pena maso a wolemba. Za dala: patapita zaka pafupifupi 20 Hatshepsut atamwalira, zithunzi ndi mayina ake anazigoba pa makoma, mafano ake a ku Deir el-Bahari n'kuwaphwanya n'kuwataya m'dzenje, ndipo pa mndandanda wa mafumu wa ku Abydos mulibe dzina lake.

Za maso: ku Birka, ku Sweden, Hjalmar Stolpe anafukula manda a nthawi ya ma Viking mu 1878. Munali lupanga, nkhwangwa, nthungo, mivi, zishango ziwiri ndi akavalo awiri. Kwa zaka zoposa 100 mabuku ankawatchula ngati chitsanzo cha manda a msilikali wamkulu, popanda wokayika. Mu 2017 DNA inaonetsa kuti mafupawo ndi a mkazi. Nthawi yomweyo kunabuka mafunso omwe sanafunsidwepo: mwina zidazo ndi za mwamuna wake, mwina ndi ulemu chabe, mwina mafupa anasokonezeka. Ena mwa mafunsowa ndi oyenera, chifukwa lupanga m'manda si umboni wakuti mwini wake anamenya nkhondo. Koma bwanji sankafunsidwa pamene ankayesa kuti ndi mwamuna?

Pomwe palibe mkangano ndi pa Fu Hao wa ku China, mkazi wa Mfumu Wu Ding, cha m'ma 1200 BC. Zolembedwa pa mafupa a ula za nthawi yake yomweyo zimamutchula akutsogolera nkhondo, pena ndi asilikali 13,000. Manda ake anapezeka ku Anyang mu 1976 asanabedwepo, muli nkhwangwa zikuluzikulu zamkuwa ndi zida zoposa 100. Wotsogolera kufukulako, Zheng Zhenxiang, analinso mayi.

Jere: Ndamva zonsezi ndipo zina sindinkazidziwa. Koma mfundo yanga yoyamba idakalipo. Mukaphatikiza onse, akazi omenya nkhondo ndi kachigawo kochepa.

Msilikali Wopuma: Bwana Jere, ndakhala ndikungowerenga, ndiloleni ndiyankhepo. Pa chiwerengero simukunama. Mphamvu za thupi zinali ndi gawo lake m'nthawi ya chishango ndi nthungo, komanso mtundu ukataya akazi ambiri kunkhondo suchira msanga, pamene ukataya amuna umachira. Koma taonani zomwe zimachitika dziko likapanikizika. Soviet Union pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inalemba akazi pafupifupi 800,000. Lyudmila Pavlichenko, katswiri woombera mobisala, anamuwerengera adani 309. Marina Raskova, katswiri wa ndege, anakhazikitsa magulu atatu a ndege, ndipo limodzi, la nambala 588, linali la akazi kuyambira oyendetsa mpaka amakaniko. Ankauluka usiku pa tindege ta Po-2, ta matabwa ndi nsalu, akayandikira n'kuchepetsa injini kuti asamveke, n'kuponya mabomba, n'kubwerera kukatenga ena, kangapo usiku umodzi. Anauluka maulendo oposa 23,000. Nkhondo itatha mu 1945 gululo linathetsedwa chaka chomwecho, ndipo akazi ambiri obwera kunkhondo ankabisa mamendulo awo chifukwa anthu ankawanena kuti anapita kukasangalatsa mabwana.

Ku Eritrea pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse a EPLF, gulu lomenyera ufulu wa dzikolo, anali mkazi, ena akuyendetsa akasinja. Nkhondo itatha mu 1991 ambiri anachotsedwa usilikali, ndipo mabanja omangidwa kutchire ambiri anatha, makolo a mwamuna akufuna mkamwana wogonjera. Kwa ine izi zikusonyeza kuti chiwerengero chimatsata lamulo la olemba usilikali. Zikavuta amatsegula, zikatha amatseka. America yomwe inachotsa chiletso cha akazi kutsogolo kwa nkhondo mu 2013.

Chinanso, anthu amene sanalowepo usilikali amaganiza kuti nkhondo ndi kuombera basi. Frelimo inakhazikitsa gulu la akazi mu 1967, momwe munali Josina Machel, amene anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25. Ntchito yawo yaikulu inali kusenza zipolopolo ndi mabomba pamutu kuchokera kumalire a Tanzania, ulendo wa masiku, kudutsa m'njira zotcheredwa mabomba okwirira, komanso kukopa midzi kuti ilandire omenyera ufulu. Atsikana a ZANLA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ankachita zomwezo kuchokera ku Mozambique kulowa m'Zimbabwe. Mfuti yopanda zipolopolo siomba. Koma polemba mbiri woombera ndi ngwazi, wosenza ndi "wothandiza".

Mayi Nachisale: Ndipo atsikanawo zomwe anakumana nazo m'misasa, kwa akuluakulu awo omwe, ambiri anafa nazo mumtima. Pa zikondwerero za ufulu sizitchulidwa.

Mphatso: Zotsekera kunja nkhondo ikatha zili m'ndale momwe. Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya m'zaka za m'ma 1950, anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda la masiku ochepa, ufulu utabwera anali mkazi yekhayo pa maudindo a unduna, ndipo chisokonezo cha nduna cha 1964 chitabuka anathera ku Zambia kwa zaka pafupifupi 30. Joice Mujuru wa ku Zimbabwe anachoka kutchire n'kukhala nduna mu 1980, wachiwiri kwa pulezidenti mu 2004, koma atangooneka kuti angalowe m'malo mwa Mugabe anachotsedwa mu 2014. Joyce Banda mu Epulo 2012 ndi Samia Suluhu Hassan wa ku Tanzania mu Malichi 2021 onse analowa pamaliro a pulezidenti, njira yomwe aphunzitsi atchula ija, kungoti ulendo uno inali yolembedwa m'malamulo a dziko. Netumbo Nandi-Ndaitwah wa ku Namibia ndiye analowa ndi voti, kulumbira mu Malichi 2025.

Jere: Nanga Rwanda, komwe amayi ndi oposa theka m'nyumba ya malamulo kuyambira 2008? Kumeneko sanatseke.

Nambewe: Sanatseke chifukwa anazilemba. Malamulo a dziko a 2003 anaika kuti akazi asachepere 30 pa 100 alionse m'maudindo opanga ziganizo, ndipo mipando 24 mwa 80 ya nyumbayo ndi yawo. Ndi zomwe aphunzitsi amanena za udindo wokhazikika. Kuti nyumbayo ili ndi mphamvu zochuluka bwanji pamaso pa pulezidenti, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ikukhudza aphungu aamuna omwe.

Msilikali Wopuma: Bwana Jere, pa nkhani ya kuwerenga ija, funsaninso kuti wowerengayo ankalemba ndani m'kaundula. Harriet Tubman ambiri amamudziwa pothawitsa akapolo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America anali kazitape wa asilikali a kumpoto, ndipo pa 2 Juni 1863 iye ndi Colonel James Montgomery anatsogolera zombo kukwera mtsinje wa Combahee ku South Carolina, anthu ake atafufuza kale pomwe adani anatchera mabomba m'madzi. Tsiku limenelo anamasula akapolo oposa 700. Nkhondo itatha anapempha malipiro ake kwa zaka zoposa 30. Chomwe anayamba kulandira ndi madola 8 pamwezi ngati mkazi wamasiye wa msilikali Nelson Davis. Mu 1899 nyumba ya malamulo inakweza ndalamazo kufika pa madola 20, owonjezerawo ati ndi a unamwino. Mukatsegula kaundula wa asilikali a nkhondo imeneyo kuti muwerenge akazi, a Davis muwapeza, mayi Tubman mulibe.